Nyanga ya Alexander ndi Mthunzi Wake: Kujambula Ndalama za Agiriki Akale

Ndalama yasiliva imene Lysimachus anayamba kusula cha m'ma 297 BC ili ndi nkhope ya Alexander Wamkulu, ndipo pamwamba pa khutu lake pali nyanga ya nkhosa yamphongo imene yapindika n'kuzungulira khutulo. Mukaijambula ndi fulashi ya foni, nyangayo imasowa. Imasakanikirana ndi tsitsi lopotanapotana, moti woona chithunzicho amangoti ndi mnyamata wosapesa. Chonsecho uthenga wonse wa ndalamayo uli pa nyangayo. Ndi chizindikiro cha mulungu Ammon, amene kachisi wake ku Siwa, m'chipululu cha ku Egypt, Alexander anakamuyendera mu 331 BC. Lysimachus, yemwe kale anali mmodzi wa alonda a Alexander, ankauza asilikali ake kuti mbuye wawo uja tsopano ndi mulungu, ndipo wolowa m'malo mwake ndi amene akuwalipirayu.

Ndale za pa ndalama za Agiriki zimabisala m'tinthu totere: kanyanga, kalamba kakumutu, masamba atatu, zilembo zitatu. Tonseti timaoneka chifukwa cha mthunzi, ndipo mthunzi amaupanga ndi wojambula. N'chifukwa chake kujambula ndalama zimenezi kumayamba musanayatse kamera. Muyenera kudziwa chimene mukufuna kuti chioneke, kenako n'kuika nyali pamene chinthucho chionekere.

Mmene anaisulira ndi mmene muiwalitsire

Ndalama zimenezi ankazisula pamanja, imodziimodzi. Chidindo chimodzi chinkakhazikika pa chitsulo chosulirapo, kachidutswa ka siliva koyezedwa kale kankaikidwa pamwamba pake, ndiyeno wosula ankaikapo chidindo chachiwiri chokhala ngati chikhomo n'kumenya ndi nyundo. Chidindo chapansi chinkapereka mbali yakumaso, imene nthawi zambiri imakhala ndi mutu wa mulungu ndipo imatukumuka. Chapamwamba chinkapereka mbali yakuseri, imene imalowa mkati ngati kambale, ndipo pa ndalama zakale kwambiri chithunzi chake chimakhala m'kadzenje ka ngodya zinayi.

Zimenezi zikutanthauza kuti mbali ziwirizi sizifuna nyali yofanana. Kumaso kumalola nyali yotsika. Kuseri, nyali ikatsika kwambiri khoma la kadzenje limaponya mthunzi pa theka la chithunzi, ndipo zilembo za m'mphepete zimamira mumdima. Anthu ambiri amayala nyali kamodzi, n'kungotembenuza ndalama, kenako n'kumadabwa kuti mbali imodzi yatuluka bwino pamene inayo ili bii.

Chinanso n'chakuti palibe ndalama ziwiri zofanana ndendende. Ina inamenyedwa chopendekera, ina chidindo chinalumpha n'kusiya mizere iwiri, ina siliva anachepa m'lifupi moti mbali ya chithunzi inatsala kunja. Zimenezi si zilema zoti mubise. Ndi umboni, ndipo chithunzi chiyenera kuusunga.

Kamera, lenzi ndi choimikira

Lenzi yoyenera ndi ya macro, yojambulira tinthu chapafupi kwambiri, ya mamilimita 90 mpaka 105. Yaifupi, monga ya 50 kapena 60, imajambula bwino ndithu, koma imakufikitsani pafupi kwambiri ndi ndalama moti kamera yeniyeniyo imatchinga nyali. Kamera iloze pansi, itamangidwa pa choimikira chosagwedera. Miyendo itatu yamba ija imavuta chifukwa imalanda malo a nyali, koma ngati ndi imene ilipo, tembenuzani mtengo wake wapakati kuti kamera ilendewere pansi.

Kamera ndi ndalama ziyang'anizane bwinobwino, osapendekera. Njira yosavuta yotsimikizira ndi kuika kakalilole kathyathyathya pamalo pamene pakhale ndalama. Mukayang'ana pa sikirini n'kuona diso la lenzi lili pakati penipeni pa chithunzi, zalunjika. Likakhala pambali, mbali imodzi ya ndalama idzatuluka yoonekera bwino ina ili mbuu, ndipo ndalama yozungulira idzaoneka yophwatalala.

Ndalamayo musaigoneke pansalu. Ikwezeni masentimita 3 kapena 5 pa kachinthu kopapatiza kuposa ndalamayo, monga kachivindikiro ka botolo kapena kachidutswa ka paipi ya pulasitiki kophimbidwa ndi kansalu kofewa, ndipo pansi patali muyale pepala lakuda losanyezimira. Mukatero pansipo sipaoneka, mthunzi wa ndalama umagwera kunja kwa chithunzi, ndipo mphepete mwake mumatuluka mwaukhondo. Ndalama ya ku Athens ndi yonenepa, mutu wake ndi wotukumuka kwambiri, choncho mukaitembenuza kuti mujambule kuseri imayendayenda. Kamphete ka labala kapena ka thonje kamaikhazika. Phula lomatira mapepala pakhoma musaligwiritse ntchito, limasiya mafuta. Pansi ponse pa tebulo pakhale thaulo, chifukwa siliva wakhala m'nthaka zaka zoposa 2,000 amatha kukhala wosalimba mkati, ndipo akagwa pasimenti amasweka, sapindika.

Pa kamera ikani ISO 100, mujambule mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yaona, ndipo kutsegula kwa lenzi kukhale pa f/8. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaona kuti tsaya la Athena, mulungu wamkazi wa pa ndalama ya ku Athens, laoneka bwino koma pansi pa ndalama pali chimbuuzi, ndiye amatseka lenzi mpaka f/22. Zoona zake n'zakuti mukayandikira chonchi, f/8 imagwira ntchito ngati f/16 ndalama ikadzaza chithunzi pa kukula kwake kwenikweni, ndipo mukapitirira f/11 kuwala kumayamba kumwazika podutsa pa kabowo kakang'onoko, chithunzi chonse n'kufewa. Kuzama kwa malo ooneka bwino kumakhala pafupifupi milimita imodzi yokha mukayandikira kwambiri, ndipo sikufika mamilimita 3 mukabwerera m'mbuyo kuti ndalama ichepe ndi theka. Pa ndalama yathyathyathya zimenezi zimakwana. Pa yotukumuka, jambulani zithunzi 8 mpaka 15, kuyambira pansonga ya tsaya kutsika pang'onopang'ono, theka la milimita nthawi iliyonse, mpaka pansi, kenako muziphatikize pa kompyuta ndi pulogalamu ngati Helicon Focus kapena Zerene Stacker. Mukadumpha sitepe, pamatuluka mzere wa chimbuuzi wozungulira mutu. Batani musalidine ndi chala. Ikani kuti kamera idikire masekondi 2, kapena gwiritsani ntchito rimoti.

Foni nayo imatha, bola muiletse nzeru zake. Zimitsani fulashi ndi HDR, sankhani lenzi ya 2x kapena 3x, igonekeni pa mulu wa mabuku masentimita 15 mpaka 20 pamwamba pa ndalama, lenzi itasuzumira kunja kwa muluwo. Vuto la foni n'lakuti imanola chithunzi payokha, ndipo timabowo tachilengedwe ta pa siliva timaoneka ngati nthomba.

Nyali

Yambani ndi nyali imodzi. Zimitsani magetsi a m'chipinda ndi kutseka makatani, chifukwa kuwala kwa dzuwa ndi kwa babu kukasakanikirana, mbali imodzi ya siliva imatuluka yobiriwira ina yachikasu, ndipo palibe pulogalamu imene ingakonze zimenezi bwinobwino. Nyali ya LED ya 5000K, yolembedwa CRI 95 kapena kuposa, ndi yabwino. Jambulani kaye khadi lotuwa la ojambula pansi pa nyali yomweyo kuti mudzakonzere mtundu. Popanda khadilo, kamera imaona siliva wakuda n'kumuyeretsa, imaona golide n'kumuzimiritsa.

Tengani ndalamayo ngati wotchi. Nyali ichokere kumtunda, pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, itakwera madigiri 30 mpaka 45 kuchokera pa tebulo. Isachokere kumunsi, cha pa 6 koloko. Maso a munthu anazolowera kuti kuwala kumachokera kumwamba, ndiye mukakuchotsera pansi, zotukumuka zimaoneka ngati zokumbika, mutu wa mulungu n'kusanduka dzenje. Mitu yambiri pa ndalamazi imayang'ana kumanja. Nyali ya pa 1 kapena 2 koloko imawalitsa mphumi, mphuno ndi milomo, pamene ya pa 10 kapena 11 koloko imawalitsa tsitsi ndi chisoti n'kuika mzere wakuda kutsogolo kwa nkhope. Zonse ziwiri n'zololeka. Funso ndi lakuti umboni umene mukufuna uli kutsogolo kapena kumbuyo kwa mutu.

Pakati pa nyali ndi ndalama muike pepala lopyapyala loonekera. Likayandikira ndalama kuwala kumafewa, likayandikira nyali kumakhalabe kolimba. Musafewetse mopitirira. Timahema toyera tija timene amagulitsa kuti muzijambuliramo katundu timapha mthunzi wonse, ndipo ndalama imatuluka ngati yachikombole. Mbali imene kulibe nyali muimike kapepala koyera masentimita 10 kuchokera pa ndalama kuti mthunzi usade mopitirira. Nyali yachiwiri yofanana mphamvu ndi yoyamba imabweretsa mithunzi iwiri yolimbana, ndipo pa zilembo imasokoneza kwambiri.

Pa ndalama yofufutika tsitsani nyali mpaka madigiri 10 kapena 15. Kuwala kokwawa pansi kumeneku kumadzutsa zilembo zimene ndi maso simungazione, koma kumakuzanso kakanda kalikonse. Ndipo pali msampha: mzere wa chilembo umene wagona molunjika kumene kuwala kukuchokera suponya mthunzi, ndiye umasowa. Chilembo cha Ε chimatha kuoneka ngati Ι, cha Θ ngati Ο. Choncho pa zolembedwa jambulani kawiri kapena katatu, mukusuntha nyali ndalama ili pomwepo. Akatswiri amapita nazo patali njira imeneyi: amajambula zithunzi makumi angapo kamera ili chikhalire, nyali yokha ikuzungulira, pambali pali kampira kakuda konyezimira kosonyeza kumene kuwala kwachokera, ndipo pulogalamu imaziphatikiza kuti wowerenga azisuntha yekha nyali pa sikirini. Njirayi imatchedwa RTI.

Ndalama yamkuwa yakuda, kapena yasiliva imene wina anaipukuta mpaka kuthwanima, imafuna njira ina. Ikani galasi loyera lopyapyala, ngati la mu felemu ya chithunzi, pakati pa lenzi ndi ndalama, litapendekera madigiri 45. Nyali iwombe pagalasilo kuchokera pambali. Gawo la kuwala limatembenukira pansi molunjika pa ndalama n'kubwerera mu lenzi, moti malo athyathyathya amawala ndipo m'mbali mwa chilichonse chotukumuka mumada. Kuseri kwa galasi, moyang'anizana ndi nyali, muimike katoni yakuda, apo ayi khoma la chipinda chanu lidzaoneka pa ndalama ngati nkhungu. Mutchingenso kuti nyali isawombe ndalama mwachindunji. Kuwala kochuluka kumatayika, ndiye kamera idzafuna masekondi angapo.

Mwa njira, mabuku ambiri akale a ndalamazi sankajambula ndalama yeniyeniyo. Ankaumba chifanizo chake cha pulasitala n'kujambula chimenecho, chifukwa pulasitala sanyezimira. Zithunzi zakezo mpaka lero zimawerengeka bwino kuposa zambiri za pa intaneti, ngakhale sizikuuzani kanthu za chitsulocho.

Kadzidzi wa ku Athens

Ndalama yotchuka kwambiri ndi tetradrachm ya ku Athens, ya madrachma anayi, yolemera pafupifupi magalamu 17.2. Kumapeto kwa zaka za m'ma 400 BC, mmisiri womanga kachisi wa Erechtheion ankalandira drachma imodzi patsiku, ndiye ndalama imodziyi inali malipiro a masiku anayi. Sinali yogulira ndiwo. Inali yolipirira zombo, asilikali ndi tirigu wochokera kunja. Siliva wake ankakumbidwa ndi akapolo ku migodi ya Laurion. Mu 483 BC atapezako mtsempha waukulu wa siliva, mtsogoleri wina wa ku Athens, Themistocles, anakopa anthu a mzindawo kuti asagawane chumacho koma amangire zombo zankhondo, ndipo zombozo ndi zimene zinagonjetsa Aperisi ku Salamis mu 480 BC.

Kumaso kuli Athena atavala chisoti chankhondo. Kuseri kuli kadzidzi, kanthambi ka azitona ndi zilembo ΑΘΕ, chidule cha mawu otanthauza kuti "ya anthu a ku Athens". Kwa ife kadzidzi akalira padenga anthu sagona tulo, koma kwa iwo inali mbalame ya mulungu woteteza mzinda, ndipo lero Greece inaiika pa ndalama yake ya 1 euro. Onani chimene palibe: palibe nkhope ya Themistocles, palibe ya Pericles, palibe dzina la mtsogoleri aliyense. Mzinda umene unkathamangitsa munthu kwa zaka 10 akakula mphamvu mopitirira sukanalola nkhope ya munthu wamoyo pa ndalama zake.

Nkhondo ya Aperisi itatha, pa chisoti cha Athena panawonjezeka masamba atatu a azitona oimirira pamwamba pa mphumi, ndipo pafupi ndi kadzidzi panabwera kamwezi kakang'ono. Ambiri amati masambawo ndi a chigonjetso. Za kamweziko akatswiri amatsutsana, ena amakalumikiza ndi nkhondo inayake, ena amati kakungosonyeza kuti kadzidzi ndi mbalame yausiku. Kwa wojambula chofunika n'chakuti tinthu tiwiriti ndi timene timasiyanitsa ndalama ya nkhondo isanachitike ndi ya pambuyo pake. Masambawo amafuna nyali yodutsa chopingasa. Kamweziko kali pakona ya kadzenje, kumanzere kumtunda, pamene mthunzi wa khoma umagwera nyali ikakhala pa 10 koloko. Pa mbali imeneyi sunthirani nyali cha pa 12 kapena 1 koloko, muikwezenso mpaka madigiri 50 kapena 60.

Diso la Athena nalo n'lofunika. Nkhope yayang'ana kumbali koma diso analijambula lathunthu, ngati likuyang'ana inu, kalembedwe kachikale kamene amisiri a ziboliboli anali atakasiya kale. Athens anakasunga dala, chifukwa wamalonda wa ku Egypt kapena ku Phoenicia ankakhulupirira ndalama imene akuidziwa. Diso loyang'ana kumbali linadza m'zaka za m'ma 300 BC. Pamene pali disolo ndi pamene siliva amanyezimira kwambiri, ndiye yang'anani kuti malowo asapse n'kukhala oyera mbee. Chepetsani kuwala kufikira diso lioneke, kwina kuderako mudzakonza pa kompyuta. Malo amene apsa sabwereranso.

Akadzidzi ambiri ali ndi chipsera chakuya, nthawi zambiri pamutu pa mbalameyo. Wina anatema ndi chizulo kuti aone ngati mkati muli siliva kapena mkuwa. Panali chifukwa. Nkhondo yolimbana ndi Sparta itafika povuta, mu 407/406 BC Athens anasungunula mafano agolide a Nike, mulungu wamkazi wa chigonjetso, a pa phiri la akachisi la Acropolis n'kusula ndalama zagolide, ndipo posakhalitsa anatulutsanso zamkuwa zokutidwa ndi siliva. Mu 375/374 BC lamulo la Nikophon linalamula kuti kapolo wa boma azikhala pamsika kuyesa ndalama, ndipo zachinyengo azizidula n'kuzilanda. Chipsera choterocho chijambuleni chapafupi, nyali italowa mkati mwake, kuti mtundu wa chitsulo chamkati uoneke.

Pamene nkhani yokoma imaposa umboni

Chilumba cha Aegina, mdani wakale wa Athens panyanja, chinkasula ndalama za pafupifupi magalamu 12 zokhala ndi kamba wam'nyanja: chigoba chosalala, mzere wa timadontho pamsana, miyendo yopalasira. Cha pakati pa zaka za m'ma 400 BC kambayo anasanduka wapamtunda, wa chigoba cha zigawozigawo. Popeza Athens anagonjetsa Aegina cha m'ma 457 BC n'kulanda zombo zake, ambiri amati chilumbacho chinkavomereza kuti ufumu wake wapanyanja watha. Nkhaniyi ndi yokoma, koma palibe cholembedwa chakale chimene chimanena zimenezo, ndipo n'zovuta kukhulupirira kuti mzinda ungalengeze manyazi ake pa ndalama zake. Chimene chithunzi chingachite ndi kusonyeza bwino kuti kamba wake ndi uti. Msana ndi umene umayamba kufufutika, choncho kamba wapamtunda wogwiritsidwa ntchito kwambiri amaoneka wosalala. Tsitsani nyali kuti zigawo za m'mphepete mwa chigoba ndi miyendo zioneke.

Ku Syracuse, pa chilumba cha Sicily, kuli chitsanzo china. Ndalama zake zikuluzikulu za madrachma khumi, zolemera pafupifupi magalamu 43, zili ndi mutu wa Arethusa, mulungu wamkazi wa kasupe wa mumzindawo, wozunguliridwa ndi ma dolphin anayi, ndipo mbali inayo kuli galeta la akavalo anayi ali pa liwiro, Nike akuuluka kudzaveka woyendetsa nkhata. Pansi pa mzere pali zida zankhondo ndi mawu akuti ΑΘΛΑ, mphoto. Kale ankati zidazo ndi zimene analanda asilikali a Athens atawagonjetsa mu 413 BC. Masiku ano ambiri amaika ndalamazi m'nthawi ya Dionysius I, wolamulira Syracuse, kuyambira cha m'ma 405 BC, pamene ankafuna siliva wochuluka wolipirira asilikali aganyu pa nkhondo yolimbana ndi Carthage. Amisiri ake, Kimon ndi Euainetos, ankalemba maina awo pa chidindo. La Kimon limapezeka pa dolphin wa pansi pa khosi, la Euainetos kunsi kwa dolphin wapansiyo, pafupi ndi mphepete, moti kawirikawiri linatsala kunja kwa siliva. Zilembo zake n'zazing'ono kwambiri ndipo zimafuna chithunzi chakechake.

Pali zizindikiro zina zimene sizibisa kanthu. Mizinda ya ku Boeotia inkaika chishango chimodzimodzi kumaso, mzinda uliwonse n'kulemba zilembo zake kuseri, kusonyeza mgwirizano umene Thebes ankautsogolera. Cyrene, ku Libya ya lero, inkaika chomera cha silphium chimene chinkaibweretsera chuma. Anaxilas wa ku Rhegium anaika galeta la nyulu zimene zinamupambanitsa pa mpikisano wa masewera ku Olympia, ndipo Philip II wa ku Macedon, amene kavalo wake anapambana komweko mu 356 BC, anaika mnyamata wokwera kavalo atanyamula nthambi ya kanjedza. Kwa Philip inali nkhani yaikulu, chifukwa ku Olympia ankapikisana ndi Agiriki okha, ndipo adani ake ku Athens ankamunena kuti si Mgiriki.

Munthu alowa m'malo mwa mulungu

Ndalama zasiliva za Alexander zili ndi Heracles, ngwazi ya m'nthano za Agiriki, atavala chikopa cha mkango kumutu, ndipo kuseri kuli Zeus, mkulu wa milungu yawo, atakhala pampando, chiwombankhanga chili padzanja, dzina lakuti ΑΛΕΞΑΝΔΡΟΥ litatsika chotsetsereka kumbuyo kwa mpandowo. Ogulitsa ambiri amalemba kuti nkhopeyo ndi ya Alexander. Ndi Heracles, amene banja lachifumu la ku Macedon linkati ndi kholo lawo. Kulemera kwake anatengera muyezo wa ku Athens, umene dziko linkaudziwa kale.

Ndalamazi zinapitiriza kusulidwa zaka zoposa 200 mwiniwake atamwalira mu 323 BC, m'mizinda yambirimbiri, ndiye dzina lokhalo silikuuzani nthawi kapena malo. Zimene zimanena ndi tizizindikiro ta kutsogolo kwa maondo a Zeus ndi tizilembo tolukana ta pansi pa mpando. Pansi pa mpando ndi malo opanikizika, ozunguliridwa ndi miyendo ya mpando ndi ya Zeus, ndipo mthunzi umadzazamo. Apa njira ya galasi ija imathandiza kwambiri. Onetsaninso miyendo ya Zeus: pa ndalama zambiri za Alexander ali moyo imakhala yogundizana, pa zambiri za pambuyo pake umodzi umapingasa kumbuyo kwa unzake. Ndi poyambira chabe, si lamulo.

Akazembe a Alexander atagawana ufumu, aliyense anayenera kufotokoza chifukwa chake iyeyo ndi mfumu. Ptolemy, amene analanda mtembo wa Alexander n'kupita nawo ku Egypt, anayamba ndi kuika nkhope ya Alexander atavala chikopa cha mutu wa njovu, kukumbutsa za India. Atadzitcha mfumu cha m'ma 305 BC, patapita zaka zingapo anaikapo nkhope yakeyake, ya chibwano chotuluka ndi maso olowa, atamanga kumutu kalamba kansalu koyera kamene kanali chizindikiro cha ufumu. Kuseri kuli chiwombankhanga chitaponda mphezi ya Zeus. Anatsitsanso kulemera kwa tetradrachm kufika pafupifupi magalamu 14.2, ndipo ndalama zakunja zolowa mu Egypt zinkayenera kusinthidwa ndi zake. Phindu la kusiyanako linkapita kwa mfumu. Apa ndale zili pa sikelo, ndipo chithunzi chopanda kulemera kwa ndalama chimataya theka la nkhani. Kalamba kaja kamadutsa m'tsitsi, nsonga zake ziwiri n'kulendewera kumbuyo kwa khosi, ndiye pa mafumu onsewa nyali ya pa 10 kapena 11 koloko ndi imene imathandiza. Pa ndalama zina za Ptolemy I kumbuyo kwa khutu kuli kachilembo ka Δ kobisika m'tsitsi.

Demetrius Poliorcetes, atagonjetsa zombo za Ptolemy pafupi ndi Salamis ya ku Cyprus mu 306 BC, anasula ndalama yosonyeza Nike ataima kutsogolo kwa chombo akuliza lipenga, kuseri Poseidon, mulungu wa nyanja, akuponya mkondo wake wa mano atatu. Pambuyo pake anaika nkhope yake yokhala ndi tinyanga ta ng'ombe yamphongo. Seleucus ankakonda nangula ndi njovu. Lysimachus uja nkhope yake sanaiike, koma kuseri kwa ndalama yake Athena wakhala pansi, padzanja lake pali Nike wamng'ono, ndipo Nikeyo akuveka nkhata dzina lenileni la ΛΥΣΙΜΑΧΟΥ. Kadzanja ka Nike ndi kankhatako n'zopyapyala, ndipo pa zithunzi zambiri zimangooneka ngati kadontho pafupi ndi chilembo choyamba.

Mphepete, sikelo ndi kompyuta

Ndalama ili ndi mbali zitatu. Iimikeni chammbali pakati pa tizidutswa tiwiri ta siponji, mujambule mphepete mwake malo atatu kapena anayi. Yosulidwa ndi nyundo imakhala ndi timing'alu totuluka kunja, poti siliva anatambasuka. Yabodza yothiridwa m'chikombole imakhala ndi msoko wozungulira kapena zipsera za tupa pamene anafufuta msokowo, ndipo pankhope pake pamakhala timatuza ndi timabowo tozungulira. Yokutidwa imaonetsa mkuwa wofiirira kapena wobiriwira pamene siliva wasendeka.

Yezani kulemera pa sikelo yowerenga mpaka 0.01 ya galamu, ndi m'lifupi ndi choyezera cha pulasitiki, osati chachitsulo chimene chimakanda. Lembaninso mmene zidindo ziwirizo zinayang'anirana: gwirani ndalama mutu utaima bwino, chala china pamwamba china pansi, itembenuzeni chammbali, muone kumene kumtunda kwa chithunzi chakuseri kwaloza pa wotchi ija. Za mafumu a banja la Ptolemy zimaloza pa 12 koloko pafupifupi nthawi zonse, pamene za mizinda ina yakale zimaloza paliponse. Ngati mukuika karula m'chithunzi, kakhale pa msinkhu umodzi ndi nkhope ya ndalama. Kakagona pansi pa tebulo pamene ndalama yakwezedwa masentimita 5, kamanama.

Ndalama muigwire m'mphepete, ndi manja osamba ndi ouma kapena magolovesi a nitrile. Fumbi lichotseni ndi kampira kopopera mpweya. Musaipukute, musaithire mafuta kapena madzi kuti iwale. Kuda kwa siliva wakale ndi kubiriwira kolimba kwa mkuwa ndi khungu limene limateteza chitsulo, ndipo likachoka silibwerera. Koma mukaona ufa wobiriwira motuwa umene ukuyoyoka pa ndalama yamkuwa, amenewo ndi matenda a chitsulo obwera ndi mchere ndi chinyezi. Ijambuleni momwemo, muipatule kwa zinzake, muisunge pouma. Timatumba tofewa ta PVC timasiya utomoni wobiriwira pa chitsulo, ndiye musasungiremo.

Pa kompyuta konzani mtundu potengera khadi lotuwa lija, dzutsani mithunzi pang'ono, yeretsani kumbuyo, ndipo ikani mbali ziwirizo pamodzi pa kukula kofanana, kumaso kumanzere, kuseri kumanja. Pa ndalama yeniyeniyo musafufute kanthu. Kamzere kotukumuka kamene kakuoneka ngati kakanda kangakhale mng'alu wa chidindo, ndipo mng'alu womwewo ukapezeka pa ndalama ina ku British Museum, ku Numismatic Museum ya ku Athens kapena ku American Numismatic Society, umatsimikizira kuti zonse zinatuluka pa chidindo chimodzi. Ukakhala wautali pa ina, ndiye kuti imeneyo inasulidwa pambuyo. Powerenga zidindo motere ndi pamene akatswiri amadziwira dongosolo la ndalama ndi kuyerekeza kuchuluka kwa zimene mfumu inasula pa nkhondo inayake. Nthawi zina pansi pa chithunzi pamaonekanso mizukwa ya chithunzi china, kusonyeza kuti anamenya chidindo chatsopano pa ndalama ya mzinda wina, ndipo kuwala kokwawa kuja ndi kumene kumaitulutsa.

M'dzina la fayilo kapena m'kaundula wanu lembani mzinda kapena mfumu, chitsulo, kulemera, m'lifupi, koloko ya zidindo, ndi kumene ndalamayo yachokera. Ngati inabwera ndi katikiti kakale ka mwini wake woyamba kapena ka kumsika wa okushoni, kajambuleni nakonso mbali zonse ziwiri. Greece, Italy, Turkey ndi Egypt ali ndi malamulo oletsa kutulutsa zinthu zakale zofukulidwa m'nthaka yawo popanda chilolezo, ndipo nyumba zambiri zosungira zakale zimatenga 1970, chaka cha pangano la UNESCO, ngati malire pofunsa mbiri ya chinthu. Fayilo ya RAW muisunge padera osaikhudza, pamodzi ndi chithunzi cha khadi lotuwa cha tsiku lomwelo.